Ndiwo Kuseri kwa Nyumba: Kabuku ka Mabanja a kwa Simlemba

Kwa Simlemba ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka, koma mphika wa ndiwo umaterekedwa tsiku ndi tsiku. Msika wa ku Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu Epulo, mabelo n'kugulidwa, m'nyumba mumalowa shuga, sopo, mwinanso malata. Pofika Okutobala ndalama ija yatha, fodya wina ali kunazale, ndipo amayi akuyenda khomo ndi khomo kufunsa amene watsala ndi mfutso. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mitengo ya kuokushoni si ife timaikhazika. Chisoso chomera kuseri kwa bafa ndiye chathuchathu.

Kabuku kano sikakuuzani kuti musiye fodya. Zimenezo muweruza nokha mukawerengetsa zolowa ndi zotuluka. Kakunena za malo amene ambiri sitiwawerengera ngati munda: bwalo lomwe timasesa m'mawa uliwonse, kuseri kwa bafa, pansi pa thandala, m'mbali mwa khola, padzala. Malo amenewa akhoza kudyetsa banja ndiwo ndi zipatso chaka chonse, popanda feteleza wogula, ngati tiwakonza moganizira kuti kuyambira Disembala mpaka Epulo manja onse amakhala kufodya ndi kuchimanga.

Pemakacha n'chiyani?

Dzinali ndi lachilendo. Adalipeka Bill Mollison ndi David Holmgren ku Australia, ndipo buku lawo loyamba lidatuluka mu 1978. Mfundo yake ndi yoti pakhomo tipakonze motsanzira nkhalango: pansi posakhala pambalambanda, zomera zamitundumitundu zikuthandizana, zazitali ndi zazifupi, ndipo chotayidwa apa chikhale chakudya cha chinthu china apo. Kuno ku Malawi mayi June Walker a ku Monkey Bay adali mmodzi mwa oyamba kuifalitsa, ndipo ku Chitedze ku Lilongwe banja la Stacia ndi Kristof Nordin, lomwe lidabwera m'dziko muno mu 1997, lidasandutsa bwalo louma kukhala nkhalango ya zakudya yotchedwa Never Ending Food. Iwowa adasonkhanitsa mayina a zakudya pafupifupi 600 zimene zimapezeka m'Malawi muno. Ife tikamati njala timatanthauza kuti mbewu imodzi yokha, chimanga, yalephera.

Koma musaope dzinalo. Agogo anu ankabzala maungu, nkhaka, khobwe ndi misale m'munda wa chimanga, ankasiya msuku ndi muula poswa mphanje, ndipo ankadziwa kuti padzala pamamera bonongwe wonenepa. Chatsopano n'chakuti ife tizichita dala, mwadongosolo, chifukwa tchire lija lomwe linkatipatsa zonsezi kwaulere lidathera m'mabani, m'zigafa ndi m'makala.

Amene anaona njala ya chaka cha 2002 ku Kasungu safuna kuuzidwa kufunika kwa zimenezi. Anthu adadya gaga ndi zitsa za nthochi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, yemwe adasiya sukulu m'nyengo imeneyo n'kupanga makina oyendera mphepo, chimene ankalakalaka kwambiri chinali kupopa madzi kuti banja lawo lizikolola kawiri. Mu Malichi 2024 boma lidalengezanso za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Mvula yodula pakati si yachilendonso.

Musanagwire khasu

Mlungu woyamba musakumbe kanthu. Yendani pakhomo panu abambo, amayi ndi ana, muyang'ane. Mvula ikagwa, madzi a padenga amathamangira kuti? Madzi osamba ndi otsukira mbale amathera pati? Mwera wa mu Juni ndi Julayi umawomba kuchokera mbali iti? Nkhuku zimakonda kupalasa pati? Mbuzi za aneba zimalowera njira iti? Jambulani zonsezi pansi ndi kamtengo, kapena kuseri kwa katoni.

Lamulo lake n'losavuta: chofuna kuonedwa tsiku lililonse chikhale pafupi ndi khomo la khitchini, chofuna kuonedwa mwa apo ndi apo chikhale patali. Anyezi, tomato, mpiru ndi tsabola zikhale poti amayi akhoza kuthyola mphika uli pamoto. Mapapaya, nthochi ndi chammwamba zibwere pambuyo pake. Mango, mapeyala ndi mitengo ya nkhuni ikhale kumalire. Dimba la kudambo ndi labwino, koma kuyambira Sepitembala limalandidwa ndi nazale ya fodya, komanso munthu wotopa sapita mtunda wautali madzulo kukathyola ndiwo za mphika umodzi.

Pali nkhani ya tsache, yomwe imadzetsa mkangano. Tonse tidaleredwa kuti pakhomo pa munthu waukhondo pamakhala pambee. Kusesa pakhonde, panjira, pamalo ophikira ndi posewera ana n'koyenera, ndipo kumathandiza kuona njoka. Koma kusesa bwalo lonse, zaka ndi zaka, n'kuotcha zinyalalazo, ndiko kwachititsa kuti mizu ya mango ikhale pamtunda ndi maziko a nyumba aonekere. Nthaka yonse yapamwamba idapita ndi tsache ndi madzi. Lembani malire: apa tisesa, apa ayi. Masamba amene mwasesawo musawaotche; kawathireni patsinde pa mbewu. Mapepala apulasitiki, mabatire ndi magalasi zokha ndizo zipite kudzenje lawolawo.

Mpanda choyamba

Madimba ambiri apakhomo saphedwa ndi dzuwa koma ndi mbuzi. Anthu akangokolola, ziweto zimamasulidwa, ndipo chobiriwira chokha m'mudzi monse chimakhala dimba lanulo. Kubzala musanamange mpanda n'kuphikira mbuzi.

Yambani ndi malo aang'ono amene mungathe kutchinga bwino, ngakhale mapazi khumi mulitali ndi khumi mulifupi. Mpanda wa udzu, mapesi kapena bango umakwanira chaka choyamba. Mvula ikayamba, zikani m'mbali mwake zodula za gilisidiya, mabulosi kapena chammwamba motalikirana phazi limodzi kapena awiri, kuti pamene udzu uja ukuwola, mpanda wamoyo ukhale utagwira. Nkhadze imatchinga bwino, koma utomoni wake umawononga maso, choncho isakhale posewera ana. Mtengo uliwonse wobzalidwa kunja kwa mpanda uvekedwe khola lakelake la timitengo kapena njerwa zosanjikiza mosiya mipata.

Nkhaniyi ndi yofunikanso kuitengera kwa a nyakwawa. Pamene mudzi wagwirizana za kumanga mbuzi kapena kulipitsa mwini chiweto chowononga, nandolo amafika pokhwima. Pamene palibe lamulo lotere, aliyense amalimbana yekha.

Madzi amene muli nawo kale

Dera lathu limalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pachaka, yonse m'miyezi inayi kapena isanu. Tiyeni tiwerengere. Nyumba ya malata ya mamita 8 mulitali ndi 5 mulifupi imagwetsa malita 32,000 pachaka. Amenewo ndi zidebe 1,600 za malita 20. Onsewa amadutsa pabwalo, n'kukumba kangalande, n'kupita kumsewu. Thanki yosungira madzi ochuluka chotere ndi yodula, koma nthaka imasunga kwaulere ngati madziwo tawaimitsa.

Kumbani ngalande yopingasa chitsetse, yomwe alangizi amaitcha swale. Isakhale yotsetsereka ngati yotaya madzi. Ikhale yolingana mbali zonse kuti madzi akalowa aime, alowe pansi. Poyeza gwiritsani ntchito felemu ya A, yomwe ija timayezera akalozera kumunda. Kuya kwake kufike m'bondo kapena kuchepera, ndipo dothi lotulukamo muliunjike kumunsi kwake ngati mzere waukulu. Pamzerepo bzalani vetiva kapena nsenjere kuti ugwire, ndipo kumunsi kwake ndiko kubwere mitengo ya zipatso. Ngalandeyi italikirane ndi khoma la nyumba mamita osachepera 3, kuopa kunyowetsa maziko, ndipo muisiyire potulukira madzi akasefukira. Nthaka yathu yambiri ndi yamchenga, madzi amalowa msanga. Mukaona kuti akukhalitsa masiku oposa awiri kapena atatu, dzazani ngalandeyo ndi mapesi ndi udzu, chifukwa madzi oima ndi nyumba ya udzudzu.

M'chilimwe madzi a dimba ndi omwe aja mumataya. Ngati mutunga zidebe zisanu kumjigo, zitatu n'kuthera kosamba, kuchapa ndi kutsuka mbale, ndiye kuti tsiku lililonse mukutaya malita 60, pamwezi malita 1,800. Kuseri kwa bafa kumbani dzenje lozungulira, mamita awiri m'mimba mwake, lakuya kufika m'bondo kapena kupitirira pang'ono. Dothi muliunjike m'mphepete mozungulira. Dzenjelo mulidzaze ndi mapesi, udzu, makoko a mtedza ndi zinyalala zowola mpaka litumphuke, kuti mwana asagweremo ndipo madzi asaoneke. Madzi a m'bafa alowe m'menemo. Pamulu wa dothi wozungulirawo bzalani nthochi zinayi kapena zisanu, pakati pake koko, mbatata yoyanga pansi, ndi papaya mmodzi kapena awiri. Fungo lija la kuseri kwa bafa limatha, ndipo abakha amasowa matope osambamo.

Pansi pa thandala ndi pampondagiya pamadontha madzi tsiku lonse. Bzalanipo udzu wa mandimu, tsabola kapena chidede. Koma madzi ochapira matewera, ndi madzi otsukira sipuleya kapena zovala zopoperera fodya, asayandikire ndiwo. Madzi a sopo athiridwe panthaka, osati pamasamba, ndipo masamba odya osaphika azithiriridwa madzi oyera.

Kudyetsa nthaka

Mchenga wa ku Kasungu uli ngati lichero lobooka: madzi ndi chakudya cha mbewu zimadutsa. Chotseka mabowowo ndi zinthu zowola. Njira za manyowa alangizi adatiphunzitsa kale, za dzenje, za chimato ndi za changu, ndipo iliyonse imagwira. Chofunika n'kusanjikiza: zouma monga mapesi odula ndi udzu, kenako zaziwisi monga masamba a deliya, gilisidiya kapena masangwi a mtedza, kenako ndowe, kaphulusa pang'ono ndi kadothi ka pachulu, n'kuwaza madzi. Bwerezani mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani ndodo pakati. Pakatha masiku anayi kapena asanu izuleni: ikatuluka yofunda ndi yonyowa, manyowa akupsa, ikatuluka yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi zaziwisi. Tembenuzani pakatha milungu iwiri kapena itatu iliyonse. M'miyezi iwiri kapena itatu amakhala akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango.

Ofuna zachangu amange zitosi za nkhuku kapena ndowe za mbuzi m'thumba, aviike mumgolo wa madzi milungu iwiri kapena itatu, n'kumasungunula madziwo mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka asanathire patsinde pa mbewu.

Ndipo phimbirani. Bedi lophimbira ndi udzu wokhuthala ngati chikhatho limasunga chinyezi masiku angapo pamene lapambalambanda limauma tsiku lomwelo. Ena amaopa chiswe. Chiswe chimadya zouma. Chikapeza udzu wophimbira chimatanganidwa nawo, ndipo njira zake zimalowetsa madzi pansi. Chongofunika n'kusiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa udzuwo ndi tsinde la mtengo.

Dimba la ndiwo

Bedi likhale lotambalala mita imodzi, kuti muzifika pakati osapondamo. M'chilimwe likhale lolowa pansi ngati beseni kuti lisunge madzi. M'dzinja likhale lokwera kuti mizu isawole. Mabedi atatu kapena anayi a mamita atatu ndi okwanira poyambira.

Mpiru, repu, tchayinizi ndi kabichi n'zabwino m'miyezi yozizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kukatentha zimafuna madzi ambiri ndipo nsabwe zimazikonda. Apa ndipo ndiwo zathu zimaonetsa mphamvu. Bonongwe, luni, chisoso, denje, chidede, limanda, mwamunaaligone ndi zumba zimamera popanda kuzinyengerera, mbewu yake sitigula, ndipo zambiri mwa izo zili ndi michere yoposa kabichi, yemwe timamulemekeza chifukwa choti amagulidwa. Lekani tsinde limodzi kapena awiri achite njere, ndipo chaka chamawa zidzadzibzala zokha. Onjezani mbewu zopatsa kawiri: maungu opatsa nkhwani, maluwa ndi njere zotendera, khobwe wopatsa chitambe, nyemba zopatsa khwanya, chinangwa chopatsa chigwada, mbatata yopatsa kholowa, yomwe anzathu olankhula Chitumbuka amaitcha ntoliro. Pa mbatata funani yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika, Mathuthu, Kaphulira kapena Anaakwanire. Ili ndi vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, ndipo kusunga mawaya ake pamalo onyowa kuseri kwa bafa kumakupulumutsani kopempha mbewu mvula ikagwa.

Pampanda payange kamumpanda, nkhungudzu, zipwete ndi magalagadeya. Mpanda ukhale munda woimirira.

Achipatala amatiuza za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, masamba, zipatso, zanyemba, zanyama ndi zamafuta. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ambiri mwa ana otere sagona ndi njala; amadya phala ndi nsima zopanda chotsatira. Yendani m'dimba lanu mukuwerenga magulu aja pazala. Mapeyala, mtedza ndi njere za maungu ndiwo mafuta. Nkhuku, nkhunda ndi akalulu, zodya zotsala za m'dimba n'kubweza manyowa, ndizo zanyama.

Chenjezo kwa olima fodya

Gawo ili ndi la ife eni dera lino. Fodya, tomato, mabilinganya, tsabola ndi mbatesi ndi banja limodzi, ndipo matenda awo ndi amodzi. Pamene panali nazale ya fodya, kapena munda wa fodya chaka chatha, musabzalepo mbewu zimenezi. M'nthaka yamchenga mumakhala timinyongolotsi tosaoneka ndi maso, totupitsa mizu. Zulani tomato wofota muone: mizu ikakhala ndi timibulu ngati mikanda, ndi tomweto. Musasokoneze ndi timibulu ta mizu ya mtedza ndi nyemba, tomwe ndi tabwino. Timeneti timathothoka mukatikhudza, pamene ta matenda ndi kutupa kwa muzu weniweniwo. Therere lobala nalonso limagwidwa kwambiri. Ndi chifukwa chake maesiteti ankagoneka minda ndi udzu wa Katambora zaka zingapo asanabwererenso ndi fodya. Pakhomo chitani kasinthasintha: bedi limene munali tomato mubwere anyezi, chimanga chachiwisi kapena zumba, muthire manyowa ambiri, ndipo tomato abwererepo patapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Matenda a mawangamawanga a fodya amayenda ndi manja. Mukachoka kothyola, kosoka kapena kosankha fodya, ngakhale mukangopichira ndudu, sambani ndi sopo musanagwire tomato. Mapesi ndi zinyenyeswa za fodya musaphimbire nazo mabedi a mbewu za banja limeneli.

Chachikulu koposa: mankhwala otsala kufodya asapoperedwe pandiwo. Fodya sadyedwa, ndipo amakhala miyezi asanafike kwa wosuta. Mpiru umathyoledwa lero n'kudyedwa lero lomwe. Mabotolo a mankhwala asasanduke zotungira madzi kapena zosungira mchere. Keni ya kudimba la ndiwo ikhale yakeyake.

Nkhalango ya zakudya

Lowani m'tchire lomwe silinadulidwe muone mmene lidasanjikizirana: mitengo italiitali, yapakati, zitsamba, udzu, zoyanga, ndi zina zobisala pansi. Palibe amene amalimira kapena kuthira feteleza. Ndicho tikufuna kumanga kuseri kwa dimba la ndiwo, koma ndi zomera zodyedwa.

Pamwamba pakhale mango, mapeyala ndi bwemba, motalikirana mamita 9 kapena 10. Pakati pawo magwafa, mandimu, malalanje, nachesi ndi mabulosi, mamita 4 mpaka 6. M'mipata yotsala mapapaya, nthochi ndi chammwamba. Pansi pake nandolo, chinangwa ndi tsabola. Panthaka payange maungu, mbatata ndi khobwe. Poti mitengo ikuluikulu imachedwa, zaka zoyamba malo onsewo ndi a mbewu zofulumira. Papaya amabereka chaka chisanathe, nthochi pakatha chaka kapena chaka ndi theka, gwafa zaka ziwiri kapena zitatu, mango womezanitsa zaka zitatu kapena zinayi, pamene wa njere angakudikiritseni zaka zisanu kapena kuposa. Papaya wamwamuna mmodzi amakwanira aakazi khumi. Aamuna ena onse dulani akangoonetsa maluwa.

Pa mtengo uliwonse wa zipatso pakhale anamwino ake, mitengo yobwezera chonde. Gilisidiya mumamudula m'chiuno kawiri kapena katatu pachaka, masamba n'kuthira patsinde pa mango, nthambi n'kukhala nkhuni kapena timitengo ta tomato. Nandolo amaboola nthaka yolimba ndi muzu wake, amagwetsa masamba, amapatsa ndiwo. Ku Ekwendeni, bungwe la Soils, Food and Healthy Communities, lomwe lidayamba mu 2000 poona kuchuluka kwa ana onyentchera, lidathandiza alimi kuyesa kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza m'munda umodzi: mtedza umakololedwa nandolo akadali wamng'ono, iye n'kupitiriza kukula m'chilimwe, ndipo zotsalira zonse zimakwiriridwa kuti chimanga cha chaka chotsatira chipeze chonde. Njira yomweyi imagwira bwino m'mipata ya mitengo yaing'ono. Msangu, wogwetsa masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, ndi mtengo wabwino kwambiri koma umakula kwambiri ndipo umachedwa. Malo ake ndi kumunda. Njere yake ilimba khungu, ndiye ikandeni pang'ono pamwala musanafese. Bulugamu ndi malaina zisayandikire dimba, chifukwa zimamwa madzi onse.

Mitengo yathu ya zipatso, masuku, maula, mateme, nthudza, mapoza, matowo, yambiri imavuta kufesa. Njira yachidule n'kusamala ziphukira. Zitsa zambiri zimene timasadza chaka ndi chaka zili ndi moyo, ndipo mizu yake ndi yakuya kale. Sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, dulani zina zonse, tetezani kumoto ndi kumbuzi. Zimakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Nkhuni ndi milimo ya chigafa zidzachokera komweko.

Pobzala mbande, kumbani dzenje la masentimita 60 kuya, 60 mulitali ndi 60 mulifupi, mwezi umodzi mvula isanayambe. Dothi lapamwamba muliike padera, mulisakanize ndi zidebe ziwiri za manyowa opsa, ndipo ndilo libwerere pansi. Chotsani chubu. Pamene adamezanitsa pakhale pamtunda, ndipo mphukira iliyonse yotuluka kumunsi kwa pamenepo muzithyola. Boma limatsegula nyengo yobzala mitengo pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma kuno mtengo wobzalidwa mu Malichi umakumana ndi chilimwe usanazike mizu. Bzalani mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale. M'chilimwe choyamba mtengo uliwonse umafuna chidebe chimodzi pamlungu. Kwirirani mphika wadothi wong'aluka kapena botolo loboola pafupi ndi tsinde, muzithira m'menemo. Werengani zidebe zimene mungathe kusenza pamlungu mu Okutobala. Nambala imeneyo ndiyo ya mitengo yoti mubzale chaka chino. Isanu yamoyo iposa makumi asanu youma.

Dzenje la chimbudzi chakale likadzaza, likwirireni ndi dothi lokhuthala, mudikire miyezi ingapo, mubzalepo mango, peyala kapena nthochi. Mbewu za pansi monga mbatata ndi chinangwa ayi.

Pa nthochi samalani ndi matenda a chisaka, amene adapululutsa minda ku Nkhotakota, Nkhata Bay, Thyolo ndi Mulanje. Masamba amatuluka ang'onoang'ono, oimirira, othithikana pamwamba ngati tsache, ndipo nthochiyo sibereka. Amafala ndi nsabwe komanso ndi ana a nthochi opatsana. Mankhwala ake palibe. Zulani phata lonse ndi mizu yomwe, muliduledule liume, ndipo mbewu tengani pokhapokha pamene mwaona ndi maso anu kuti phata lonse ndi lathanzi.

Tizilombo

M'dimba losakaniza mbewu tizilombo sitisowa, koma sitimaliza zonse. Anyezi ndi adyo pakati pa mpiru, maluwa m'mphepete okopa mavu ndi njuchi, achule ndi abuluzi osaphedwa, zonsezi zimagwira ntchito inu muli kufodya. Nsabwe zikayamba, thyolani masamba ogwidwa, kapena wazani madzi a sopo pang'ono madzulo. Zikachuluka, sinjani masamba a ombwe, amene ena amati mtetezga, kapena a nimu kaya deliya, muviike usiku wonse, musefe, muwaze dzuwa litapepa. Ombwe ndi poizoni ndithu ngakhale ndi wachilengedwe: amapha nsomba, choncho musatsukire zipangizo zake kumtsinje, ndipo ndiwo zopoperedwa zidikire masiku angapo n'kutsukidwa bwino. Pachimanga cha m'dimba, mbozi za ntchemberezandonda zamtundu watsopano, zomwe zidafika m'dziko muno cha mu 2017, zimabisala m'nsonga; pamalo aang'ono kuzitola ndi manja m'mawa ndi kuthira kamchenga kosakaniza phulusa m'nsongamo kumathandiza.

Mtengo ngwa yani, ntchito nja yani

Izi zikambidwe poyera, chifukwa ndi zimene zimalepheretsa ambiri. Mayi wokhala kwa mwamuna, kapena bambo wa chikamwini, nthawi zina amazengereza kubzala mango poopa kuti adzachoka n'kuwasiya. Wogwira ntchito paesiteti kapena wokhala pamalo obwereka nthawi zambiri saloledwa n'komwe kubzala mtengo. Otere asataye mtima: papaya, nandolo, chammwamba, mbatata ndi ndiwo zonse zimabweza thukuta chaka chomwecho, ndipo thumba lakale lodzaza dothi ndi manyowa, loboola m'mbali, limabereka mpiru ndi anyezi pakhonde, n'kunyamulika posamuka.

M'banja, dimba lisangokhala katundu wina pamutu pa amayi, amene kale akutunga madzi, kuphika, kulera, n'kumasokanso fodya mpaka usiku. Kukumba maenje, kumanga mpanda ndi kututa madzi pa njinga kapena pangolo abambo angathe. Ndipo zogulitsa zikayamba kupezeka, gwirizanani msanga za ndalama yake. Zimachitika kuti dimba likadali la ndiwo limatchedwa la amayi, koma likayamba kutulutsa tomato wa pamsika lasanduka la abambo.

Kalendala yogwirizana ndi fodya

Meyi ndi Juni, mukamakolola, musaotche mapesi ndi masangwi; tutani, muunjike manyowa, mumwete udzu wa mpanda ndi wophimbira moto usanadutse. Juni mpaka Ogasiti ndiyo nthawi ya ntchito zolemetsa, poti fodya wapita kumsika ndipo nazale sinayambe: mpanda, ngalande, dzenje la nthochi, mabedi. Ngati ndalama ya fodya ilipo, patulani ya mbande zomezanitsa, keni ndi mgolo isanathere kwina. Ogasiti ndi Sepitembala fesani mitengo m'machubu pafupi ndi nazale ya fodya kuti kuthirira kukhale kumodzi, koma pa dothi lina. Okutobala ndi Novembala kumbani maenje, chepetsani mabedi kuti akwanirane ndi madzi, onjezani zophimbira. Disembala bzalani mitengo, zikani mpanda wamoyo, wazani njere za bonongwe, luni ndi chisoso, bzalani maungu ndi khobwe pansi pa mitengo. Kuyambira Januwale mpaka Malichi dimba lidzisamale lokha. Ntchito yanu n'kuthyola ndi kudula gilisidiya kamodzi.

Febuluwale ndi Malichi ndiwo zimachuluka mpaka kutayika, ndipo ndiyo nthawi ya mfutso. Nkhwani, chitambe, khwanya ndi bonongwe muziwiritse pang'ono chabe m'madzi ochepa, muyanike pamphasa pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa lamphamvu lomwe limawononga michere, komanso osati m'chigafa momwe muli fodya. Zikauma gwa, mangani zikwatu ndi masamba a msuku kapena sungani mumtsuko wotseka bwino. Mango ndi tomato wochuluka amayanikidwanso atadulidwa mopyapyala. Njere za mbewu tengani ku tsinde lathanzi koposa, osati lotsalira, muziumitse, muzisakanize ndi phulusa, muzitsekere m'botolo lolembedwa dzina ndi chaka. Mbewu za haibulidi sizibwereza bwino; zosunga ndi zamakolo.

Pofika chaka chachitatu kapena chachinayi mudzaona kuti mthunzi wa mango ndi magwafa wayamba kuphimba mabedi ena, ndipo tomato ndi anyezi akutalika mopanda mphamvu. Musadule mtengo. Tengulirani nthambi zam'munsi, pamthunzipo mubzale koko, tsabola ndi chikasu, ndipo mabedi ofuna dzuwa muwasunthire mbali ya kumpoto kwa mitengo, komwe dzuwa la Juni ndi Julayi limadzera.